Mlezi Asanakwere Basi, Mau Ayambe Amveka

Nyengo ya kukolola ikatha, ndiponso masukulu akatsekera mwezi wa December, m'midzi ya ku Katete, Petauke, Chadiza, Lundazi ndi kwina konse m'Cigawo ca kum'Mawa mumafika alendo ocokera ku Lusaka ndi ku Migodi. Ena amabwera kudzaona makolo, ena kudzagula cimanga ndi nshawa. Koma alipo ena amene amadza ndi pempho lodziwika bwino: afuna mtsikana woti akawalerere mwana. Masiku ano ambiri sabvutikanso ndi ulendo; amangoimba foni kwa mlongo kapena kwa azakhali, natumiza ndalama ya basi.

Mau amene amanenedwa pa nthawi yotere amakoma m'khutu. "Musade nkhawa, adzakhala ngati mwana wathu. Cimene tidya ife nayenso adzadya comweco." Makolo amakondwa, mtsikana amamanga katundu wace m'citenje, ndipo m'mamawa amakwera basi pa mseu wa Great East, kuoloka mlatho wa Luangwa kupita kumene sanapondeko cibadwire. Za malipiro palibe amene wachula, cifukwa kufunsa wacibale za ndalama kumaoneka ngati mwano. Za maola a nchito, za tsiku lopuma, za kumene adzagona, zonse zasiyidwa m'manja mwa ulemu.

Apa ndi pamene pagona bvuto. Kulera mwana wa munthu wina kuyambira m'mawa kufikira usiku, tsiku ndi tsiku, ndi nchito, ndipo woigwira ndi wanchito, kaya ndi mlendo kaya ndi mwana wa mlongo. Nyumba imene ikana kuchula dzina limeneli imadzipweteka yokha pamodzi ndi mtsikanayo, pakuti khanda lao limatsala tsiku lonse m'manja mwa munthu wotopa, wosalipidwa ndi wodandaula mumtima.

Mwambo wolererana ana pa cibale ndi wakale ndipo ndi wabwino. Aphunzitsi, manesi ndi akalaliki ambiri ocokera m'Cigawo cino anaphunzira cifukwa amalume kapena azakhali a m'tauni anawatenga, potsata mau a akulu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma mwambo umenewo unali ndi zizindikiro zace. Mwana wotengedwa anali kupita ku sukulu pamodzi ndi ana a pa nyumbapo, kudya nao mbale imodzi, ndi kugawana nao nchito. Mtsikana amene adzuka kusanace kutenthetsa madzi, kusambitsa ana anzace ndi kuwabveka yunifomu, iye n'kutsala ndi khanda kumsana, sali pa mwambo umenewo ai. Funso limodzi likwanira kulekanitsa zinthu ziwirizi: belu la sukulu likamalira, iye amakhala kuti?

M'masiku a Northern Rhodesia nchito ya m'nyumba inali ya amuna, makhukhi ndi ocapa zobvala, ambiri a iwo ocokera kuno kum'mawa ndi ku Nyasaland. Akazi analowa mocedwa, ndipo khomo limene analowera linali la ulezi, monga anafotokozera Karen Tranberg Hansen m'buku lace la 1989 lochedwa Distant Companions. Ufulu utabwera mu 1964, amai a m'dziko muno atayamba kugwira nchito m'maofesi, m'zipatala ndi m'masukulu, kufunika kwa alezi kunakula. Codabwitsa ndi ici: amuna akale aja, ngakhale anali kunyozedwa ndi dzina lakuti boyi, anali kudziwa malipiro ao ndi tsiku lolandira. Mtsikana wa lero wochedwa "mwana wathu" kawiri kawiri sadziwa ngakhale zimenezo.

Coyamba kuciona ndi msinkhu. Lamulo la anchito a m'nyumba limene Boma linakhazikitsa m'caka ca 2011 linaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 15 pa nchito imeneyi. Amenewo ndi malire a lamulo, koma nzeru ya ukholo iyenera kupitirira pamenepo. Lamulo la ana la 2022 limawerenga munthu wa zaka 18 kapena zocepera kuti akali mwana, ndipo n'kobvuta kumvetsa cifukwa cimene mai wa ku Chelston angasiyire khanda la miyezi isanu m'manja mwa mwana amene sangamusungitse ngakhale makiyi a cipinda cace. Wosafika zaka 16 sangatenge reji, ndipo wopanda reji sangalembetse nambala ya foni m'dzina lace. Amakhala m'mzinda monga munthu wosawerengedwa. Kuonjezera apo, kuyambira January 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ace kufikira Giredi 12, ndipo kuyambira 1997 mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera m'kalasi. N'zoona kuti yunifomu, makope ndi kutalika kwa sukulu zikali kubvutitsa mabanja ambiri, koma mau akale akuti "tiribe fizi" anacepa mphamvu.

Za malipiro, anthu ambiri a m'midzi sadziwa kuti mtengo wace suli m'manja mwa wolemba nchito yekha. Kufikira 2011 wanchito wa m'nyumba anali kulandira ciri conse cimene bwana wafuna. M'caka cimeneco Boma linaika malipiro ocepetsetsa a K250,000 pa mwezi, pa ndalama zakale zija zisanacotsedwe maziro atatu mu 2013. Mu 2012 anakwera kufika K522,400 pamodzi ndi ya mayendedwe, mu 2018 anafika K993.60, ndipo pa 1 January 2024 anakwezedwanso kufika K1,300, ndiye kuti K1,100 ya malipiro enieni ndi K200 ya mayendedwe kwa amene amagona kutali ndi pa nchito. Popeza ziwerengero zimenezi zimasinthidwa pakapita zaka, kholo lanzeru lifunse ku ofesi ya za nchito, monga ya ku Chipata, kuti limve mtengo umene ulipo pa tsiku limene mwana anyamuka. Lidziwenso kuti imeneyi ndi ndalama ya pansi penipeni. Mlezi wodziwa nchito, wosunga ana atatu, wophika ndi kucapa, ali ndi cifukwa cabwino copempha yoposa.

Lamulo la 2011 lija linachulanso maola: osapitirira 48 pa sabata, ndiye kuti maola 8 masiku asanu ndi limodzi. Ola lopitirira pamenepo linaikidwa pa mtengo wa ola limodzi ndi theka, la pa tsiku la chuthi ca Boma pa mtengo wowirikiza, ndipo wanchito anapatsidwa masiku awiri a chuthi colipidwa pa mwezi uli wonse umene wagwira. Tsono ali yense awerengetse yekha. Mtsikana wogona pa nchito amene adzuka 5 koloko m'mawa ndi kugona 10 koloko usiku wagwira maola 17. Akacita zimenezo masiku onse asanu ndi awiri akwanitsa maola 119, kuposa sabata ziwiri za lamulo m'sabata imodzi. Palibe amene anganene kuti nyumba ya khanda iyende ndi belu monga fakitale, pakuti mwana sadziwa koloko. Koma tsiku limodzi lathunthu lopuma, loti apite ku chalichi, akaone anzace, aluke tsitsi, ndi maola ena masana oti akhale pansi, si zinthu zopempha mogwada.

Zonsezi zilembedwe basi isanafike. Lamulo la za nchito la 2019, Employment Code Act, likuti nchito ya miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa ikhale ndi cipangano colembedwa, ndipo cipangano sicifuna loya. Pepala la m'kope likwanira, malinga pakhale maina onse, nambala ya nyumba ndi dera limene iri, malipiro ndi tsiku lace, tsiku lopuma, ciwerengero ca ana oleredwa, ngati kuphika ndi kucapa za banja lonse kuli momwemo, masiku odziwitsana asanalekane, ndi amene adzalipira basi yobwerera. Nyakwawa, mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa mpingo akhale mboni, ndipo pepala lina litsale kumudzi. Ena adzati kucita zimenezi ndi kucititsa manyazi wacibale, popeza cibale ndi fupa, siciola. Koma m'midzi yambiri muli apacibale amene salankhulana lero cifukwa ca miyezi isanu ya malipiro imene wina akuti analipira, wina akuti sanalandire. Wacibale woona mtima saopa pepala, ndipo amene akwiya pomva za pepala waulula kale za mumtima mwace.

Pali cinyengo cina cofala cimene ciyenera kuchulidwa poyera. Mai wa pa nyumba amauza mtsikana kuti, "Ndalama yako ndikusungira, udzatenga popita kumudzi." Mwezi upita, wina upita, ndipo pa tsiku lopatukana ndalama ija imapezeka kuti yasanduka madiresi awiri a salaula, nsapato, ndi mtengo wa mbale zimene zinasweka. Salaula ndi mphatso. Nsima ndi malo ogona ndi zimene zimacititsa kuti mlezi apezeke pafupi usiku, ndipo wopindula nazo kwambiri ndi mwini nyumba. Malipiro ndi ndalama, yoperekedwa m'manja mwa mwini wace kapena pa nambala yace ya Airtel Money kapena ya MTN, pa tsiku lodziwika, onse awiri n'kusaina m'kabuku. Koma pa mlandu umenewu makolo a kumudzi nao sali oyera. Alipo amene amalandiriratu ndalama ya feteleza kapena ya malata mwana asanagwire ngakhale tsiku limodzi. Mwana wotero wasanduka cikole. Akazunzidwa sangathe kucoka, pakuti adziwa kuti atate ace anadya kale thukuta lace la miyezi ya kutsogolo, ndipo feteleza uja ali kale m'nthaka. Kuthandiza makolo ndi cinthu ca ulemu, ndipo atsikana ambiri amatero ndi mtima wonse; koma atumize yekha, pa ndalama imene waigwira m'manja, ndi kusungako ina yace.

Olemba nchito nao ali ndi dandaulo lao, ndipo si lopanda pace. Si onse amene amakhala ku Kabulonga. Ambiri ndi manesi ogwira usiku, aphunzitsi, ndi amai ogulitsa pa msika wa Soweto amene amacoka pa nyumba kusanace. Lendi, ufa ndi makala zikadya gawo lao, K1,300 imakhala phiri. Amafunsa kuti, nanga mwana atsale ndi yani? Funsolo ndi loona, koma yankho lace silingakhale lakuti umphawi wa m'tauni ulipiridwe ndi mwana wa mlimi wa ku Sinda. Mabanja awiri oyandikana angathe kulemba mlezi mmodzi wamkulu ndi kugawana malipiro. Wina angapangane ndi mai wa m'komboni ya pafupi, monga a ku Kalingalinga ndi Mtendere amene akhala pa nchito zimenezi zaka zambiri, kuti azibwera maola ocepa kapena masiku owerengeka. Ndipo amene atengadi mwana wa m'bale kuti amuthandize, amulembetse sukulu ya masana, osati kumulonjeza ya usiku imene siyamba, ndipo khanda alipezere munthu wina.

Za malo ogona siziyenera kucitidwa manyazi. Mtsikana wogona m'khichini kapena pa mphasa m'cipinda cocezera, popanda citseko cokhoma, ali pa ngozi imene ali yense aidziwa ngakhale sichulidwa. Si ocepa atsikana amene abwerera kumudzi ndi pathupi pa bambo wa pa nyumba, pa mwana wace wamwamuna kapena pa mlamu wongoceza, ndipo wothamangitsidwa amakhala mtsikanayo. Kholo lifunse mosabisa kuti adzagona ndi yani, ndi kuti m'nyumbamo muli amuna angati. Mtsikana nayenso auzidwe asananyamuke kuti kugwiriridwa si mlandu wace. Kuti ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Kuti nambala 116 ya ana ndi 933 ya ozunzidwa ziimbidwa kwaulere. Ndi kuti wogona ndi mtsikana wosafika zaka 16, abvomere asabvomere, lamulo limupatsa zaka zosacepera 15 m'ndende.

Koma cipangano ciri ndi mbali ziwiri, ndipo mbali ya mlezi ndi yolemera, cifukwa cimene wasungitsidwa si mbuzi kapena nkhokwe. Mtsikana wa kumudzi amafika akudziwa kale kubereka mwana kumsana, kuphika phala ndi kutonthoza wolira. Zimene sadziwa ndi ngozi za nyumba ya m'tauni: botolo la gasi, ketulo ya magetsi ya cingwe colendewera, mankhwala otsukira cimbudzi, geti lotsegukira ku mseu wa magalimoto. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku, mbaula inabwerera ngakhale m'nyumba zapamwamba, ndipo mwana wokwawa ndi mbaula ndi adani akale. Mbaula yoyaka m'cipinda cotseka m'nyengo yozizira ipha mwakacetecete, anthu ali m'tulo. Parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa anyenga mwana. Akamwa sayenera kusanzitsidwa, koma kuthamangira naye ku cipatala. Wopsa ndi moto kapena phala athiridwe madzi ozizira oyera kwa nthawi yaitali, osati mafuta, mazira kapena mankhwala otsukira mano.

Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023, umene unasandutsa bwalo la Heroes Stadium kukhala cipatala ndi kucedwetsa masukulu kufikira February 2024, unakumbutsa Lusaka yense kufunika kwa manja osamba ndi sopo ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Mlezi adziwe kusungunula Madzi a Moyo monga kwalembedwera pa paketi, adziwe pamene pakhala khadi la mwana la ku sikelo, ndipo adziwe zizindikiro zimene siziyembekeza kuti amai aweruke: mwana wokana kuyamwa kapena kumwa, wosanza ciri conse, wokomoka, wopuma mofulumira, kapena wolefuka wosadzuka bwino. Zimenezi munthu sabadwa nazo. Mai amene alandira mlezi Lamulungu madzulo ndi kumusiyira nyumba Lolemba m'mawa, popanda ndalama ya ulendo wa ku kiliniki, popanda nambala yoimba, asadzadabwe. Masiku oyamba ndi ophunzitsa, ndipo ngati n'kotheka mai atengeko chuthi ca masiku angapo kuti agwire naye pamodzi. Mlezi naye asacite manyazi kufunsa kawiri. Safunsa anadya phula.

Pali zina zimene mlezi wofuna kukhalitsa pa nchito sayenera kuziyesa konse: kumenya mwana wa eni, ngakhale kwao kukwapula kuli cizolowezi, kumupatsa mankhwala ali onse amene makolo sanalamule, makamaka aja ogonetsa kuti iye apeze mpata, kulowetsa alendo eni ace kulibe, kuika zithunzi za mwana pa Facebook, ndi kutulutsa nkhani za m'banjamo kwa anansi. Foni imene imamulumikiza ndi kwao ndiyonso yacotsetsa nchito atsikana ambiri, pakuti mphindi ziwiri za maso pa foni zikwanira kuti mwana wongoyamba kuyenda afike pa ndowa ya madzi.

Coposa zonse ndi kunena zoona mwana akagwa kapena akameza kanthu. Pano olemba nchito amvetsere bwino, pakuti coonadi ca mlezi cimaumbidwa ndi iwo eni. M'nyumba imene kapu yosweka idulitsa malipiro, imene mpunga wopserera ubweretsa matukwano pamaso pa ana, mtsikana amaphunzira phunziro limodzi, ndilo kubisa. Adzabisa zidutswa za kapu pansi pa zinyalala, ndipo tsiku limene khanda lidzagwa pa bedi ndi kugunda mutu, adzalipukuta misozi, kuligoneka ndi kukhala cete. Mai adzabwera madzulo, adzaona mwana ali m'tulo, nadzayamika kuti lero sanabvute. Maola amene dokotala akanagwiritsa nchito adzakhala atapita. Mtengo wa kapu ndi makwacha owerengeka, ndipo banja limene liufuna kwa mlezi ligula nao mantha amene adzagwera mwana wao yemwe. Mai wanzeru amanena pa tsiku loyamba, nabwerezanso, kuti ngozi yonenedwa msanga iribe cilango. Ana a m'nyumba nao amaonera kwa akulu. Kumene mlezi adya yekha zotsala kuseri kwa citseko, mwana wa zaka zinai amayamba kumulamula ndi kumulabvulira, ndipo mlezi wonyozedwa ndi mwana sangathe kumuletsa kuthamangira ku mseu.

Nchito ya ulezi siyenera kukhala dzenje lotayamo zaka. Ana amakula, napita ku sukulu, ndipo banja limene linali kunena kuti silingakhale popanda mlezi limamuuza kuti nchito yatha. Cotero kuyambira mwezi woyamba adzifunse cimene adzatuluka naco. Cacikulu ndi kalata ya umboni. Mlezi wokhala ndi makalata awiri abwino ndi nambala za amene anawagwirira kale sapempha nchito cogwada; mabanja ndiwo amamulimbirana, ndipo banja lanzeru siliiwala kuimba nambala zimenezo lisanamupatse makiyi. Wina amaphunzira kuphika za m'tauni, Cingelezi, kapena thandizo loyamba la obvulala monga limene a Red Cross amaphunzitsa. Wina amasunga pang'ono pang'ono, mwina m'cilimba ndi anzace, kufikira agula makina osokera, alembanso mayeso a GCE, kapena alowa maphunziro a uphunzitsi wa sukulu za mkaka. Wolemba nchito amene alola maola a maphunziro otere sataya kanthu, pakuti woyamba kudya zipatso zace ndi mwana wace yemwe.

Za ukalamba nazo zisaiwalike. Bungwe la NAPSA, limene linayamba nchito m'caka ca 2000, silisankha kuti uyu ndi wa m'ofesi, uyu ndi wa m'khichini. Wolemba nchito ayenera kulembetsa wanchito wace wa m'nyumba, ndipo mwezi uli wonse wanchito apereka magawo 5 pa 100 a malipiro ace, bwana naye 5. Pa K1,300 ndiye kuti K65 uku ndi K65 uko. Atsikana ena amakana okha, poona kuti K65 ndi ya sopo ndi mafuta odzola. Koma ndalamayo imalembedwa pa dzina lace ndipo imamutsata akasintha nyumba. Imathandiza akalemala, ndipo akamwalira ana ace ali ndi pofunsa. Mu 2023 lamulo linasinthidwa kulola amene wasonkha miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutengako kamodzi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene anasonkha. Alipo amai amene analera ana a eni zaka makumi awiri, ana ajawo lero ndi madokotala ndi maloya, amene anabwerera kumudzi ndi sutikesi yokha cifukwa panalibe wowalembetsa.

Ku Lusaka kuli malo ambiri ophunzitsa ndi kupezera nchito anchito a m'nyumba, amene eni tauni amawachula kuti ma maid centre. Ena ndi othandiza ndithu, ena ndi kacipinda ndi cikwangwani cabe. Wopita kumeneko afunse ngati ali ndi cilolezo ca Unduna wa za Nchito, afunse ndalama imene adzadula pa malipiro ndi kwa miyezi ingati, ndipo reji yace asaisiye kwa munthu ali yense, fotokope ikwanira. Lonjezo likakula, kucenjera kukulenso. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amai a ku Malawi, anansi a tsidya la Mwami, amene anakopedwa ndi nchito za m'nyumba ku Oman, nalandidwa mapasipoti, nagwira ukapolo weniweni. Dziko la Zambia liri ndi lamulo loletsa malonda a anthu kuyambira 2008, ndipo lamulolo siliona za kunja kokha: kutenga mwana ku Vubwi ndi bodza la sukulu ndi kukamugwiritsa nchito ku Matero kungathe kulowa m'mlandu womwewo.

Tsiku lopatukana limafika pa nchito iri yonse, ndipo ndi pamene mbali zonse ziwiri zimalakwa kwambiri. Mlezi wopita ku maliro n'kusabwereranso, kapena wozemba m'bandakuca mwana ali m'tulo, wasiya mai mnzace pa moto ndipo watsekera khomo atsikana ena a m'mudzi mwace. Anene nthawi ikalipo, monga mwa cipangano. Bwana naye wothamangitsa mtsikana usiku, katundu ali m'pulasitiki, m'mzinda umene sadziwa ngakhale njira ya ku Intercity, wacita nkhanza imene palibe mbale yosweka ingailungamitse. Ngati pali mlandu wa kuba, polisi iripo. Ngati ndi kusamvana cabe, alipire masiku onse ogwiridwa ndi chuthi cotsala, alembe kalata, ndipo amukweze basi. Lamulo la 2011 linaikanso ndalama ya kutsazikana kwa amene sanacoke yekha kapena kucotsedwa pa mlandu, malipiro a mwezi umodzi pa zaka ziwiri ziri zonse zimene wakwanitsa, ndipo ofesi ya za nchito imalandira madandaulo otere.

Makolo otsala kumudzi nchito yao siithera pa siteshoni. Mwana anyamuke ndi ndalama ya basi yobwerera yosokerera m'citenje, yosakhudzidwa pa cina ciri conse, ndiponso ndi dzina la munthu wina wa kwao wokhala m'mzindamo, wosakhala wa m'nyumba imene apitako. Apangane tsiku loimbirana foni, monga Lamulungu liri lonse masana, ndipo polankhula afunse mafunso amene sayankhidwa ndi "inde" yekha, pakuti mwana amene abwana aima pambali pace adzati zonse ziri bwino. Wadya ciani dzulo, wagona nthawi yanji, ndalama ya mwezi watha iri kuti. Foni ikakhala yozima sabata ziwiri, kapena nthawi zonse ikayankhidwa ndi mai wa pa nyumba kuti mwana watumidwa ku msika, atume munthu wa kwao uja akafike pa geti ndi kumuona ndi maso. Akakanizidwa kulowa, apite ku polisi ya pafupi tsiku lomwelo ndi nambala ya nyumba yolembedwa pa cipangano cija.